Mapale a ku Nyanja ya Mchere

Dorica ankagulitsa mchere pa msika wa Kawale, ndipo pa zinthu zonse za pansi pano chimene ankanyansidwa nacho kwambiri chinali munthu wamkulu wotanganidwa ndi zachibwana. Mwatsoka, anthu otere anali nawo awiri m'nyumba imodzi: mwamuna wake Ralph, ndi mlongo wake wamng'ono Gilford.

Ralph anali mesenjala mu ofesi ina ya boma. Ntchito yake inali kunyamula mafayilo ndi kuwiritsa tiyi, koma akatsika minibasi ku Kawale madzulo ankayankhula ngati kuti bwana wake sangasayine kalata asanamufunse iye maganizo. Dorica anamuzolowera monga momwe munthu amazolowerera denga lodontha, ankangodziwa poika beseni.

Za Gilford ndizo zinkamupweteka, chifukwa mwana ameneyu anamulera yekha makolo awo atamwalira kwawo ku Ntcheu. Anali wanzeru m'kalasi, ndipo tsiku limene dzina lake linamveka pa wayilesi kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, Dorica anavina pakati pa msika mpaka chitenje kumasuka. Ankaona loya. Pena ankaona dokotala, galimoto itaima pakhomo, anthu a mu mdadada wonse akusuzumira m'mipanda. Koma Gilford anasankha maphunziro a zinthu zakale zofukula pansi, ndipo atamaliza anatengedwa ndi gulu lina la ofufuza kupita ku Tanzania, m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya mchere. Anakhalako zaka zinayi.

Anabwera m'chaka cha 1994, chisankho chitangodutsa kumene, mitengo ya zinthu ikukwera ngati yalumidwa ndi mavu. Masiku amenewo aliyense wochokera ku Tanzania ankabwera ndi mitolo ya zitenje, nsapato, mapoto onyezimira ndi mawayilesi a kaseti. Gilford anafika wowonda, atavala malaya omwe aja anapita nawo, akutsogolera mwamuna wokankha wilibala. Pa wilibalapo panali bokosi lachitsulo lobiriwira, lolemera kwambiri moti anachita kulitsitsa anthu atatu. Dorica ataona kulemera kwakeko mtima unakhala pansi. Anaganiza kuti mwina mwanayo sanapusiretu.

Amayi oyandikana nawo anayamba kufika mmodzimmodzi, wina kudzapempha moto, wina kudzabweza sefa imene anabwereka kalekale. Palibe amene anabwerera. Gilford, wosadziwa kuwerenga nkhope za anthu, anaona ngati abwera kudzaphunzira. Anatsekula bokosi lija pakhonde, pamaso pa onse.

Munali majumbo ang'onoang'ono, lililonse lomangidwa kukamwa ndi ulusi, pa ulusipo kapepala. Anamasula limodzi n'kukhuthulira m'dzanja. Anali mapale. Osatinso mapale a mphika wokongola wokhala ndi zolembalemba, koma okhuthala, okhakhala, ofiira mbali ina, mbali ina otuwa, ngati oumbidwa ndi munthu amene ankathamangira maliro. M'jumbo lina munali tizidutswa ta dongo lowotcha totalika ngati chinangwa, m'lina munali dothi lopsa basi.

Gilford anafotokoza nkhope ikuwala. Anati kalekale, zaka mazanamazana zapitazo, anthu a m'mphepete mwa nyanjayo ankapanga mchere wochuluka wogulitsa kutali, koma palibe amene analemba za iwo. Ankakokola dothi pamalo pamene madzi a m'nyanja amafika n'kuphwa, n'kulisefa ndi madzi, ndipo madzi owawawo ankawawiritsa m'miphika iyi, atayikhazika pa timiyendo tadongo tija kuti moto uzidutsa pansi. Madzi akauma, mchere unkagwirana n'kukhala chibuma cholimba, ndipo pofuna kuchitulutsa ankaswa mphikawo. N'chifukwa chake kumeneko kuli zitunda zathunthu za mapale okhaokha, zomera mitengo pamwamba, zimene anthu a lero amaziyesa zulu. Anatinso akuluakulu a gulu lake anamubwereka mapale amenewa kuti adzawayerekeze ndi a kuno kwathu, a m'madambo a ku Kasungu ndi ku Chilwa kumene makolo ankaphikanso mchere.

Dorica ndiye anafunsa, mawu ake ali pansipansi.

"Wati eni akewo ankaswa okha miphikayo?"

"Eya, asisi. Mphika umodzi, ntchito kamodzi."

"Akaswa n'kutaya?"

"Ankataya pomwepo."

"Ndiye kuti zaka zinayi zonsezi wakhala ukufukula dzala la eni ake."

Gilford anaganiza pang'ono, n'kuvomera mosangalala kuti kunena zoona ndi momwemo, ndipo dzala ndi limene limanena zoona za anthu kuposa pabalaza. Betty, mayi wa nyumba yoyang'anana nayo, anatsokomola kuti abise kuseka. Pofika madzulo Kawale yense anali atamva kuti mlongo wa mayi wa mchere uja wabwera ndi digiri ya mapale.

Bokosi linalowa kuchipinda kwa ana, kumene Gilford ankagona, ndipo ntchito inayamba. M'mawa uliwonse Dorica akamanyamuka ndi thumba lake la mchere ankamusiya pakhonde, mwamuna wandevu zake, akutsuka phale ndi mswachi m'beseni losambitsira mwana. Akatsuka ankayanika pa chiguduli, likauma n'kulemba kanambala kakang'ono ndi inki yakuda kuseri kwake, kenako n'kulijambula papepala mosamala ngati nkhope ya chibwenzi. Madzulo ankamupeza pomwepo, msana utapindika, atamaliza majumbo awiri kapena atatu.

Tsiku lina Dorica anamuuza kuti zimene akuzitcha maphunzirozo mayi awo ankachita tsiku ndi tsiku posefa chidulo mumphika woboola kunsi, ndipo palibe anawaveka mkanjo kapena chisoti. Ankafuna kuti mawuwo amulase. Koma Gilford anadumpha ndi chimwemwe, n'kuyamba kumufunsa kuti mphikawo unali waukulu bwanji, mabowo anali angati, pansi ankayalapo udzu wanji. Dorica anangomuyang'ana n'kulowa m'nyumba. Munthu amene ukamutukwana amathokoza, ungamutani?

Kumsika anaphunzira kuyamba yekha kuseka asanamuseke. Anzake akafunsa za "abwana a mapale", iye ankayankha kuti ali bwino, lero asambitsa ana awo makumi awiri, mawa awapititsa ku sikelo. Mkulu wina wa mpingo, mwini golosale ku Malangalanga, anamva chisoni n'kunena kuti mnyamatayo abwere azidzalemba katundu. Gilford anathokoza mwaulemu, nati ayambe wamaliza ntchito imene anamutuma. Dorica sanamuyankhule mpaka Lamulungu.

Ralph ndiye sanathe kupirira. Iye, munthu wodziwika, akhale ndi mlamu wotola zinyalala? Zimenezo sizikanatheka, choncho anakonza nkhani ina yomuyenera. Kumalo omwera chibuku anayamba kuuza anzake, motsitsa mawu koma mokwanira kuti tebulo lachitatu limve, kuti anthu a ku Kawale ndi ogona. Mapalewo ndi chophimba chabe. Kodi munthu wopita ku yunivesite anganyamule dothi kuchoka ku Tanzania? Inali nthawi imene amuna ambiri m'tauni ankayenda ndi timiyala m'thumba la jekete, akulota za migodi ya ku Mzimba ndi ku Chimwadzulu, aliyense akudziwa mzungu wina amene akubwera sabata yamawa. Ralph anati alamu akewo anamata miyala yamtengo wapatali m'kati mwa dongo kuti adutse nayo pachipata cha Songwe, ndipo iye, monga mkulu wa banja, ndi amene akusunga chinsinsi.

Mwa omvera munali Greenwell, mwamuna wa madilu, amene sankadziwika ntchito yake koma nsapato zake zinkawala nthawi zonse. Patapita masiku ochepa anatulukira pakhomo pa Dorica, akuti kudzaona alendo. Anagwira dzanja la Gilford ndi manja awiri, kumutchula kuti adokotala, n'kukhala pansi kumvetsera za miphika ndi timiyendo tadongo kwa nthawi yaitali, akugwedeza mutu ngati ali mu tchalitchi. Gilford anasangalala kuti wapeza munthu woyamba wachidwi m'Kawale muno. Dorica, amene ankasankha nyemba chapafupi, anaona kuti makutu a mlendoyo ali pa nkhani koma maso ali pa chitseko cha kuchipinda kwa ana. Anati mumtima, wakuba ndi wopusa akumana, aone okha.

Loweruka lina mu mdadada mwawo munagwa maliro a bambo wina wachikulire, ndipo aliyense anapita kumanda, ngakhale Gilford, amene Dorica anachita kumukoka kuti anthu asati ophunzira sayika maliro. Pobwerera, dzuwa litapendeka, anapeza loko ali lende, chitseko chili pululu. Dorica analowa mtima uli m'mwamba. Wayilesi inali pamalo pake. Makina osokera amene anasiyiridwa ndi apongozi ake analipo. Mabulangete, mapoto, thumba la mchere losatsekula, zonse zinalipo. Pa simenti panali mzere wokalika kuchokera kuchipinda kwa ana mpaka pakhomo.

"Akuba otere ndi ofunika kuwaphikira tiyi," anatero Dorica. "Atisesera m'nyumba."

Gilford anakhala pansi pomwe panali bokosi paja, manja ali pamawondo. Sanalire, sanakalipe. Anangonena, osayang'ana munthu, kuti zinthu zija sizinali zake. Anthu anakumba miyezi yambiri padzuwa, phale lililonse analitola pamalo pake ndi pakuya pake, ndipo anamukhulupirira iye kuti akabweza. Dorica anatsegula pakamwa kuti amuuze kuti kudzala kwa msika kuli ena ambiri aulere, koma anaona mmene khosi la mwanayo linalili, lopyapyala ngati tsiku limene anayika mayi awo, ndipo mawuwo anawameza.

Amene anamudabwitsa anali Ralph. Munthu amene akanayenera kuima pabwalo n'kulengeza kuti mawa ayimbira foni akuluakulu a polisi, anangokhala pampando akupukuta nsapato imene inali yopukuta kale. Dorica anamuitanira kuseri kwa nyumba. Sizinatenge nthawi. Ralph anayamba ndi kukana, kenako anati anangonena mocheza, kenako anati anachitira ulemu wa banja, chifukwa anthu ankawaseka.

"Abambo a Tina," anatero Dorica, "mlongo wangayu ndi wopusa, koma kupusa kwake kumathera m'beseni. Kwanu kumathyola zitseko."

Lolemba m'mawa, Dorica akumanga thumba kuti azipita kumsika, Betty anafika akupuma mofulumira, koma nkhope yake ikuoneka kuti nkhaniyo ikumukoma. Anati amayi okumba mchenga kumtsinje apeza bokosi lobiriwira litaphwanyidwa pa dzala lalikulu la kumunsi, kumene a msika amataya zoola. Gilford anathamanga osavala nsapato. Dorica anatsatira pang'onopang'ono, akuuza Betty kuti iye akungofuna bokosilo, chifukwa likhoza kusungira ufa.

Zimene akubawo anachita zinkaoneka poyera. Anafika nalo pamenepo, n'kulitsekula ndi chitsulo, n'kuyamba kung'amba majumbo limodzilimodzi. Atapeza dongo lokhalokha anayamba kuswa mapalewo ndi mwala, makamaka timiyendo tija, kufuna chimene chinali m'kati. M'kati munali dongo. Ndiye ukali unawagwira, anamwaza zonse ndi mapazi pa dzala ponse, pa makabichi oola, nthenga za nkhuku, matumba onyowa a makala, ndi zidutswa za dongo la m'mbaula zakutha, zimene kufiira kwake kunali kofanana ndendende ndi chuma cha Gilford.

Dorica anamupeza atagwada pakati pa zonsezo, akutola kachidutswa, kukapukuta pa malaya, kukatembenuza kufuna nambala. Ntchentche zinali pamsana pake. Pamwamba pa chigwembe anthu anali atasonkhana kale: okumba mchenga, ogulitsa makala, amuna opanda kopita amene Kawale sasowa. Ankaseka momasuka. Wina anaponya mbale yadothi yosweka pafupi naye n'kunena kuti nayi ina, abwana, ya m'nthawi ya Nowa. Gilford anaitola ndithu, kuiyang'ana, n'kuiika pambali mwaulemu, ndipo anthu anafa nacho chiseko.

Manyazi anamugwira Dorica mpaka kumapazi. Anafuna kubwerera. Zonse zimene anthuwo ankanena iye anali atazinena kale, mwinanso mopweteka kuposa apa. Koma kuzimva zikutuluka m'kamwa mwa anthu amene sanamugulirepo mwanayo ngakhale pensulo, anthu amene dzina lawo lomwe amalemba ndi chala, kunali nkhani ina. Wopusayo anali wake. Womunyoza anayenera kukhala iye.

Ndi pamene anamuona Greenwell. Anaima chakumbuyo, akuuza oyandikana naye kuti sukulu ikachuluka imazungulitsa mutu. Phazi limodzi linali mu nsapato yowala. Linalo linali mu patapata, chala chachikulu chitakulungidwa nsanza yothimbirira magazi, chotupa ngati mbatata.

Dorica anapita n'kuima patsogolo pake. Sanakweze mawu, koma mawu a mayi wa pamsika samafuna kukweza.

"Pepanitu a Greenwell, mwavulala. Chakugwerani n'chiyani, cholemera chotere?"

Greenwell anati anapunthwa pa mwala.

"Mwala wamtengo wapatali?" anafunsa Dorica. "Ine ndimayesa mlongo wanga ndiye wotsiriza m'Kawale muno, poti ananyamula dothi kuchoka ku Tanzania. Koma iye ankadziwa kuti ndi dothi. Pali ena anathyola loko masana, anzawo ali kumanda, n'kusiya wayilesi, kusiya makina, kusenza dothi lomwelo mpaka kuno, n'kuperekapo ndi chala. Amenewo sukulu sinawazungulitse mutu. Anabadwa choncho."

Chiseko chinatembenuka ngati mphepo. Greenwell anayesa kunena za umboni ndi za kuipitsa mbiri ya munthu, koma maso onse anali pa phazi lake, ndipo anachoka akutsimphina, wina akumufunsa kumbuyo ngati miyalayo agulitsa pa kilo kapena pa mulu.

Dorica anamanga chitenje mwamphamvu, anabwereka lichero lakutha kwa mayi wina wa mchenga, n'kutsikira pa dzala. Anatola akutukwana. Anatukwana fungo, anatukwana Ralph, anatukwana yunivesite ndi amene anaimanga, anatukwana anthu akalekale a kunyanja amene analephera kuumba mphika woti n'kuphikamo kawiri. Akadzaza lichero ankakhuthula patsogolo pa Gilford, iye n'kumasankha. Zambiri zinali za mbaula. Dorica anati iye sakuona kusiyana kulikonse, ndipo akukayika ngati kulipo. Gilford anangoti kulipo, asisi, osadzutsa mutu.

Dzuwa litafika pamutu anali ndi milu iwiri. Wina unali wa mapale a manambala, amene Gilford anali atatsuka ndi kulemba. Winawo, waukulu, unali wa amene anali asanawafikire, omwe chizindikiro chawo chinali timapepala ta pa majumbo, ndipo timapepalato tinali titamwazika m'matope. Dorica anayamba kuwolera mulu waukuluwo kuti authire m'bokosi, koma Gilford anamugwira dzanja. Anati amenewo asiyeni. Phale losadziwika pamene linatoledwa silinenanso kanthu, langokhala phale.

Dorica anafuna kufunsa kuti kodi kale linali chiyani. Anayang'ana maola amene anataya, msika umene sanapite, zala zake zonunkha, n'kuyang'ananso mlongo wake, amene ankayang'ana mulu uja ngati munthu wochoka pamanda. Anatola chivundikiro cha bokosi chopindikacho n'kumuuza kuti anyamule bokosilo mbali inayo.

Kuyerekeza kuja ndi mapale a ku Kasungu ndi ku Chilwa sikunachitike. Gilford anadziwitsa akuluakulu ake zimene zinagwa, ndipo yankho linabwera lalifupi, loti abweze zimene zatsala. Anakhala masabata angapo akutsukanso zotsalazo, tsopano mwakachetechete, osafotokozera aliyense. Ralph anasiya kupita ku chibuku kwa kanthawi, ndipo atayambiranso anali ndi nkhani yatsopano, yoti miyala yeniyeni akubawo anaipeza n'kuthawa nayo ku Joni, zimene anthu anaona pa dzala zinali makoko chabe. Ena anamukhulupirira. Chala cha Greenwell chinakana kupola mpaka anakachidula kuchipatala, ndipo kuyambira pamenepo ankadutsa njira ina yosadzera pa mabenchi a mchere.

Tsiku lonyamuka, Dorica anaperekeza mlongo wake ku depoti. Mapale otsalawo anakwana mu katoni imodzi ya sopo, yomangidwa ndi chilambe cha tayala. Ali pamzere wa basi ya ku Karonga, Dorica anamuuza kuti ntchito ya ku golosale ikadalipo, akapereka zinthu za eni akezo abwerere adzakhale ngati munthu. Gilford anamuthokoza chifukwa cha zonse, kuyambira kale, nati akuganiza kuti akhala komweko ngati angamulole, ngakhale pa ntchito yotsuka zimene ena afukula, chifukwa pali chitunda china chimene sichinakumbidwe.

Kondakitala anabwera n'kugwira katoni ija kuti aiponye pamwamba pa basi, pamene panali njinga ndi matumba a chimanga. Dorica anamugwira mkono n'kumuuza kuti imeneyo ikhala pamiyendo pa mwini wake. Kondakitala anafunsa kuti muli chiyani chofunika chotere.

"Zinyalala," anatero Dorica. "Koma ukaswa uona."

Basi itatuluka pachipata sanaimike dzanja. Anawoloka msewu, anakwera minibasi ya ku Kawale, ndipo atafika pamsika anapeza mayi wina wa tomato atayala katundu wake mpaka theka la benchi lake. Anatula thumba pansi, n'kuyambana naye.